Msiyeni Lara Jean akhale wa zaka 16

Pa milandu yonse imene owerenga amamuimba Lara Jean Song Covey, womveka kwambiri ndi wakuti amaitana bambo ake ngati kamwana. Mtsikana wa zaka 16, wa ku sekondale, akamatchula bambo ake amati "Daddy", ndipo kwa owerenga ena ku America zimenezi zokha n'zokwanira kulitseka bukulo. Wofufuza maganizo a anthu pa Goodreads, pomwe owerenga amapatsa mabuku nyenyezi kuyambira imodzi mpaka zisanu, apeza mlandu womwewo ukubwerezedwa m'mawu osiyanasiyana: mtsikanayu ndi wachibwana, amaganiza ngati wa zaka 12, sachedwa kulira, amaopa chiwongolero, ndipo anzake akamapita kokasangalala iye amatsala kukhitchini akuphika makeke. Ena amawonjezera kuti m'buku lonselo simuchitika kanthu kolozeka.

Woimbidwa mlanduyu ndi mtsikana wa m'buku la Jenny Han lotchedwa To All the Boys I've Loved Before, limene kampani ya Simon & Schuster inatulutsa mu Epulo 2014. Nkhani yake siyovuta kuitsata. Lara Jean akakonda mnyamata mpaka kusowa tulo, sapita kukamuuza. Amakhala pansi, kumulembera kalata yokhuthula zakukhosi zonse, kuiika mu envelopu, kulembapo keyala, kenako n'kuibisa m'bokosi losungiramo chipewa limene anamupatsa mayi ake. Kalatayo siyofunsira chibwenzi, ndi yotsanzika: akangoilemba mtima umakhala m'malo, iye n'kupitiriza moyo. Makalata otere analipo asanu. Tsiku lina onse asanu anatumizidwa kwa eni ake, ndipo imodzi inafika kwa Josh, mnyamata wa nyumba yoyandikana nayo, amene anali atangosiyana kumene ndi Margot, mkulu wake wa Lara Jean. Pothawa manyazi, Lara Jean anapangana ndi Peter Kavinsky, amene nayenso analandira yake, kuti azinamizira kuti ali pa chibwenzi. Peter anali ndi lake kumtima: ankafuna kuti Genevieve, amene anamusiya, achite nsanje. Analemba malamulo a chibwenzi chabodzacho papepala n'kusainirana. Kumene nkhani ikupita wowerenga amakuona ali patali: bodza lija linayamba kusanduka zoona.

Bukuli linayenda malonda. Linakhala masabata ambiri pa mndandanda wa New York Times wa mabuku ogulidwa kwambiri, ndipo linamasuliridwa m'zilankhulo zambiri. Olikonda ndi ochuluka kuposa olinyoza. Komabe olinyozawo ayenera kuyankhidwa, chifukwa mlandu wawo sukhudza buku limodzi lokha. Ukutsutsa nthano iliyonse imene imalola mtsikana kukhala mwana, kukonda, kulakwitsa, kuseka, n'kutuluka m'nkhanimo ali bwinobwino.

Poyambira ndi kufunsa kuti amagula mabuku oterewa ndani. Mu 2012 kampani ya Bowker, imene imatsata malonda a mabuku, inapeza kuti pa anthu 100 aliwonse ogula mabuku olembera achinyamata a zaka 12 mpaka 17, anthu 55 anali a zaka 18 kapena kuposerapo, ndipo gulu lalikulu pakati pawo linali la zaka 30 mpaka 44. Ambiri mwa akuluwa sankagulira ana awo, ankagula kuti awerenge okha. Pamenepo palibe tchimo. Vuto limabwera munthu wa zaka 35 akatsegula buku lolembera mwana wa zaka 14, n'kuyamba kupsa mtima kuti mtsikana wa m'bukumo saganiza ngati iye. Ameneyo ali ngati wamkulu wofika pa masanje a ana, kukhala pansi, kusamba m'manja, kenako n'kumadandaula kuti nsima yachepa. Madandaulo ambiri onena za chibwana cha Lara Jean ali ndi fungo limeneli, la munthu amene anaiwala mmene zaka 16 zimakhalira.

Ndipo owerenga anali atazolowezedwa zina. M'zaka zimenezo atsikana otchuka a m'mabuku a achinyamata anali onyamula katundu wa akulu. Katniss wa Suzanne Collins mu The Hunger Games, buku la 2008, naye ndi wa zaka 16, koma amasaka nyama ndi uta kuti adyetse banja, amakakamizidwa kupha achinyamata anzake, ndipo nkhani ikamapitirira amagwedeza boma. Hazel wa John Green mu The Fault in Our Stars, la 2012, ndi wa zaka 16 nayenso, akudwala khansa, ndipo amalankhula za imfa ngati munthu amene wawerenga laibulale yonse. Mabuku onsewa ali ndi mphamvu zake. Koma anasiya chizolowezi choipa mwa owerenga ena, choganiza kuti mtsikana woyenera kulembedwa m'buku ndi amene ali kunkhondo kapena ali pafupi ndi manda. Atatulukira Lara Jean ndi mbale yake ya makeke, anaoneka ngati wopepera. Komatu aliyense amene analerapo mtsikana wa fomu 3 akudziwa kuti wofanana ndi ana enieni pa atatuwa ndi Lara Jean: lero akulankhula zanzeru mpaka kholo kudabwa, mawa akulira chifukwa mng'ono wake wavala malaya ake.

Za "Daddy" zija n'zosavuta. Han anabadwira ku Richmond m'chigawo cha Virginia mu 1980, kwa makolo ochokera ku Korea, ndipo nkhani ya bukuli ikuchitikira ku Virginia komweko. Kummwera kwa America si zachilendo kumva munthu wa imvi akutchula bambo ake ndi mawu amenewa. Mmalawi, amene tsiku ndi tsiku amamva mayi wa ana atatu akuti "adadi" pa foni, sangaonepo mlandu n'komwe.

Chachikulu chimene odandaula amachidumpha ndi chimene chinagwa m'nyumba ya a Covey. Lara Jean ali ndi zaka 10, mayi ake anaterereka pansi pomwe panali patangokolopedwa kumene, n'kumenyetsa mutu. Anadzuka, n'kuoneka ngati palibe chovuta. Patapita kanthawi anati mutu ukuwapweteka, anakagona pampando wa pabalaza, ndipo sanadzukenso. Margot, wa zaka 12, ndiye anaimba foni kuitana thandizo. Lara Jean anatenga Kitty, mng'ono wawo wa zaka 3, kukamukhazika pa TV. Han amaifotokoza nkhaniyi mwachidule koyambirira kwa buku, mosakweza mawu, kenako n'kupitiriza ndi zina, monga momwe mabanja oferedwa amachitira. Kuyambira tsiku limenelo Margot ndiye anasanduka mayi wa pakhomo, wodziwa chimene chatha m'khitchini ndi tsiku limene Kitty akufunika kusukulu. Bambo awo ndi dokotala wa amayi oyembekezera, munthu woti atha kuitanidwa kuchipatala pakati pa usiku, amene nthawi zina amayesa kuphika zakudya za ku Korea kuti ana ake asaiwale kwawo kwa mayi awo, ngakhale sizimukhalira bwino. Ndipo buku likuyamba Margot akulongedza katundu kupita ku yunivesite ya St Andrews ku Scotland.

Ndiye kuti mtsikanayu akusiyidwa kachiwiri. Galimoto imene amaiopa ija tsopano ayenera kuiyendetsa, pakuti wotenga Kitty ndi wokagula zapakhomo ndi iye. Makeke aja ndi njira yake yosungira nyumba kuti isazizire. Bokosi la makalata ndi mphatso ya womwalira. Mtsikana wokonda anyamata papepala, osati pamaso, ndi mtsikana amene anaphunzira ali wamng'ono kuti munthu amatha kugona masana osadzukanso. Amene anakulira m'banja lomwe mwana wamkazi woyamba anasanduka mayi maliro atangotha sangawerenge masamba amenewa n'kunena kuti simukuchitika kanthu.

Kupepuka kwa bukuli n'kwadala, ndipo ndi luso. Kulemba chisoni mokuwa n'kosavuta: wolemba amangopha munthu pa tsamba lomaliza, owerenga n'kulira. Chovuta ndi kuchiika chisonicho pansi pa nkhani yoseketsa, kuti wowerenga wa zaka 14 aseke kaye, adzachimve pambuyo pake.

Ngakhale nkhani ya chibwenziyo siyanthabwala zokhazokha. Paulendo wa sukulu wopita kumapiri nthawi yozizira, Lara Jean ndi Peter anapsompsonana m'bafa lapanja la madzi otentha. Pobwerera, mphekesera inali itafala kale kuti anagonana. Anyamata ankamuyamikira Peter, pomwe Lara Jean ankamuloza zala ndi kumutcha maina oipa, ndipo Peter sanaitsutse mphekeserayo mwamphamvu monga anayenera kuchitira. M'buku lachiwiri, P.S. I Still Love You, la 2015, kanema wa usiku umenewo anaikidwa pa Instagram. Chinthu chimodzi chochitidwa ndi anthu awiri, wina n'kulandira ulemu, wina n'kulandira chitonzo. Atsikana ambiri amene foni za m'manja zinawafalitsira manyazi akuidziwa bwino nkhani imeneyi, ndipo anaipeza m'buku limene ena amati ndi lopanda kanthu. Chimene Han anakana ndi kumulanga mtsikanayo. Sanamuchotse sukulu, sanamudwalitse, sanamusandutse chenjezo kwa anzake. Anamulola kuti akwiye, alire, adziwe kuti wolakwa si iye, kenako moyo upitirire.

Pasanathe miyezi iwiri bukuli litatuluka, mu Juni 2014, Ruth Graham analemba mu Slate ndemanga imene inautsa fumbi, yonena kuti akuluakulu ayenera kuchita manyazi powerenga mabuku a achinyamata. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti mathero a mabuku amenewa amakhala okhutiritsa kwambiri, osafanana ndi moyo weniweni. Graham ndi onyoza Lara Jean akuyenda njira zosiyana koma akukumana pa mphambano imodzi: onse akukhulupirira kuti nkhani yothera pabwino ndi yotsika. Mbiri ya zolembalemba siikugwirizana nawo. Masewero oseketsa a Shakespeare ambiri amathera ku ukwati. Pride and Prejudice ya Jane Austen, ya 1813, ndi nkhani ya mtsikana ndi mnyamata oyamba n'kusamvana n'kudzatsirizira pa chikondi, ndipo papita zaka zoposa 200 ikuphunzitsidwabe m'mayunivesite. Wowerenga nthano ya chikondi amadziwa kuti awiriwo adzagwirizana, monga womvera nthano ya kalulu amadziwa kuti kalulu apulumuka. Chimene amadikira ndi njira yake. Komanso n'zoonekeratu kuti chitonzo chotere chimagwera kwambiri zinthu zokondedwa ndi atsikana. Mnyamata akamawerenga za akazitape othamangitsana pa magalimoto, ndi ochepa amamufunsa ngati zimenezo n'zochitika.

Tsono pali owerenga ena amene mawu awo amamira m'phokosoli, pomwe ndiwo ali ndi umboni wolemera. Awa ndi atsikana a ku America amene makolo awo anachokera ku Asia. Pachikuto cha bukuli pali mtsikana wa nkhope yonga yawo, ali pabedi akulemba. M'katimo muli tinthu timene iwo okha amatimva msanga, monga dandaulo la Lara Jean pa chikondwerero cha Halloween, pomwe ana amavala ngati anthu a m'mafilimu ndi m'mabuku: chilichonse chimene iye angavale, anthu amangoganiza kuti akutsanzira zojambula za ku Japan. Kwa atsikana amenewa, kupepuka kumene ena amakunyoza ndiko kunali mphatso. Anali atazolowera kuti mwana wonga iwo akapezeka m'buku ndiye kuti ndi nkhani ya nkhondo, ya kusamuka, ya makolo ankhanza, kapena ndi mnzake chabe wa mtsikana wachizungu. Apa anapeza wofanana nawo ali pakati pa nkhani, akuvutika ndi funso la kuti akonde uti pa anyamata awiri.

Kuti zimenezi si zazing'ono zinaoneka bukuli litafika ku Hollywood. Mu Ogasiti 2018 Han analemba mu New York Times kuti opanga mafilimu ambiri amene anaikonda nkhaniyi ankabwerera m'mbuyo akamva kuti iye akuumirira kuti wosewera Lara Jean akhale wa mtundu wa ku Asia, ndipo kampani imodzi yokha ndiyo inavomera. Filimuyo inatuluka pa Netflix pa 17 Ogasiti 2018, yotsogoleredwa ndi Susan Johnson, ndipo Lana Condor, wobadwira ku Vietnam, ndiye anasewera Lara Jean, Noah Centineo n'kukhala Peter. Masiku awiri m'mbuyo mwake inali itatuluka Crazy Rich Asians, filimu yoyamba ya kampani yaikulu ya ku Hollywood yofotokoza moyo wa masiku ano ndi osewera pafupifupi onse a mtundu wa ku Asia chichokereni The Joy Luck Club ya 1993. Zaka 25 zathunthu. Mu Okutobala chaka chomwecho Netflix inauza eni masheya ake kuti filimu ya Lara Jean ndi imodzi mwa mafilimu ake oonedwa kwambiri, ndipo anthu ankaibwereza. Ngakhale kabotolo ka Yakult, kamene Kitty anapatsa Peter m'galimoto, kanayamba kufunidwa kwambiri m'masitolo. Ngati buku la makalata asanu linalidi lopanda kanthu, opanga mafilimu aja sakanalimbana ndi nkhope ya mwini nkhani.

Si kuti odzudzula onse akulakwa. Pali dandaulo limodzi limene lili ndi mano: pa anyamata asanu amene Lara Jean anawalembera makalata, palibe ndi mmodzi yemwe wa mtundu wa ku Asia. Filimu itatuluka, amuna ena a ku America ochokera ku Asia ananena poyera kuti nkhani imene inatsegulira khomo alongo awo inawatsekera iwo kunja, m'dziko limene mafilimu akhala akuwasonyeza ngati anthu osayenera kukondedwa. Dandaulo limeneli likuyang'ana chimene chili m'bukumo ndi chimene chikusowamo, ndipo n'loyenera kulimva. Enanso amati Peter amakhululukidwa msanga, makamaka chifukwa chosadula mchira wake ndi Genevieve, ndipo alipo owerenga amene mpaka lero amati woyenera anali John Ambrose McClaren, mnyamata wofatsa wa m'buku lachiwiri. Mkangano umenewu ndi wokoma, chifukwa okanganawo akulitenga bukuli ngati chinthu choyenera kukangana. Wachinyamata amene akutsutsana ndi mnzake ngati Peter anachita bwino kapena ayi akuphunzira kuyeza khalidwe la mnyamata asanakumane naye pa msewu. Zimenezi n'zosiyana kwambiri ndi kunena kuti mtsikana wa zaka 16 asamalankhule ngati wa zaka 16.

Nkhaniyi ndi ya ku America, koma mkangano wake si wachilendo kuno. Amene anaphunzira m'sukulu zogonera komweko amakumbukira mabuku a Mills & Boon oyenda kuchoka m'manja kupita m'manja mpaka chikuto kuthothoka, ndi a Pacesetters amene Macmillan inayamba kutulutsa mu 1977, momwe munali olemba a mu Afrika muno kuphatikizapo Mmalawi Dede Kamkondo. Amakumbukiranso makalata olembedwa mosamala papepala lothyola pakati pa kope. Akulu ambiri ankati mabuku amenewo ndi otayitsa nthawi, koma ambiri amene lero amawerenga chilichonse anayambira pomwepo. Chosowa m'nthano zambiri zolembera achinyamata kuno ndi chomwecho chimene Han analimba nacho mtima. Mtsikana akangoyamba kukonda, wowerenga amadziwiratu kuti kutsogolo kuli mimba, kuchotsedwa sukulu kapena bokosi la maliro. Mavuto amenewo alipodi ndipo ayenera kulembedwa. Koma ngati nthano iliyonse ikuthera pomwepo, mtsikana amaphunzira kuti mtima wake ndi mlandu, ndipo chimene akumva amachibisa kwa aliyense amene akanamulangiza.

Pali chinthu china chimene okwiya ndi bukuli sachitchula kawirikawiri: chikondi chachikulu m'menemo si cha Peter, ndi cha pachibale. Wotumiza makalata aja anali Kitty, atapsa mtima chifukwa mkulu wake anamuseka. Chilonda chowawa kwambiri si mphekesera ya kusukulu, koma tsiku limene Margot, atabwera kutchuthi cha Khirisimasi, anamva kuti Josh anapsompsona mng'ono wake. Masamba omaliza amathera pa kugwirizanitsa atsikana atatuwa, ndipo Peter amatsala panja kudikira. Buku limatha Lara Jean atangoyamba kumulembera kalata ina, yoyamba imene akufuna kuti ifike kwa mwini wake.

Owerenga ambiri anakwiya nawo mathero amenewa, ndipo ena mwa okwiyawo anali omwe aja ankati simuchitika kanthu. Anadikira mpaka Meyi 2015 kuti aone zimene zinali m'kalatayo, ndipo mu 2017 Han anatseka nkhaniyi ndi buku lachitatu, Always and Forever, Lara Jean. M'menemo yunivesite ya Virginia, imene mtsikanayu ankailota chifukwa ili pafupi ndi kwawo ndipo Peter akupita komweko, inamukana. Pomaliza anasankha kupita ku Chapel Hill ku North Carolina, ulendo wa maola angapo kuchokera kwa bambo ake ndi Kitty, yunivesite yomwenso Han anaphunzirako. Han wanenapo kangapo kuti bokosi la chipewa lija silopeka: iye mwini ali mtsikana ankalemba makalata otere kwa anyamata amene ankawakonda, n'kuwasunga m'bokosi longa lomwelo, ndipo ake sanatumizidwe.